Mafunso a Owerenga: Kodi Godfrey "Ucar" Chitalu Tizimukumbukira ndi Chiyani?

Mwezi wa Epulo ukamayandikira, makalata ambiri amene amafika patsamba lino amakhala onena za ngozi ya ndege imene inapha timu ya mpira wamiyendo ya dziko la Zambia m'chaka cha 1993. Ulendo uno ndaona kuti ochuluka mwa olembawo akutchula munthu mmodzi, malemu Godfrey "Ucar" Chitalu, amene anali mphunzitsi wa timuyo pa ulendo womalizawo. Ndasankhapo makalata asanu ndi awiri, ndipo ena ndawadula chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Agogo anga aamuna anagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe zaka zambiri asanabwerere kuno kumudzi. Tikamaonera mpira wa ku Ulaya pa kanema, iwo amangopukusa mutu n'kunena kuti anyamata a masiku ano sangafike pa Ucar. Ine dzinali ndimangolimva kwa iwo basi. Kodi ameneyu anali ndani, ndipo agogowo sakungokometsa zakale?
*Mnyamata wa ku Mitundu, Lilongwe*

Mphwanga, agogo anuwo musawaseke. N'zoona kuti munthu aliyense amakometsa gule amene anavina pa unyamata wake, koma pa nkhani iyi agogowo ali ndi pogwira.

Godfrey Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, tauni ya migodi ya kopa m'chigawo cha Copperbelt, pamene dzikolo linkatchedwa Northern Rhodesia. M'matauni amenewo makampani a migodi ankamanga mabwalo ndi malo ochezerako achinyamata m'makomboni, ndipo mpira ndiwo unkasonkhanitsa anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, kuphatikizapo ochokera kuno kwathu ngati agogo anuwo. Chitalu anayamba kutchuka ali ku Kitwe United, choncho n'kutheka ndithu kuti agogowo anamuona ndi maso awo. M'chaka cha 1968, pamene ku Zambia anayamba kupereka mphoto kwa wosewera woposa onse pa chaka, woyamba kuilandira anali iye, ali ndi zaka 21 zokha. Anailandiranso mu 1970, ndipo atasamukira ku Kabwe Warriors, timu ya kampani ya njanji, mu 1971, anaitenganso mu 1972, 1978 ndi 1979. Taziyang'anani bwino zakazo. Pakati pa mphoto yoyamba ndi yachisanu pali zaka 11, kutanthauza kuti munthuyu anaposa anzake ali mnyamata wosakhwima ndipo ankawaposabe ali ndi zaka 32, msinkhu umene omwetsa zigoli ambiri amakhala atayamba kale kuzolowera benchi.

Amene anamuona amasimba za munthu wamphamvu, waliwiro, womenya mpira ngati wamulakwira, ndiponso wosaopa kulowa pakati pa otchinga kumbuyo ngakhale akudziwa kuti atulukamo ndi mabala. Sanali mngelo ayi. Pa unyamata wake anali wamtima wapachala, ankakangana ndi oyimbira mpira, ndipo analangidwapo kangapo. Ku Zambia amakamba nkhani yoti tsiku lina woyimbira atamufunsa dzina kuti amulembe m'kabuku, iye anayankha kuti ndi Denis Law, katswiri wa Manchester United wa masiku amenewo, ndipo mwano umenewo unamutulutsitsa m'bwalo. Nkhaniyi ndaitchula dala, chifukwa munthu akamwalira timakonda kumusambitsa mpaka asatsale ndi chipsera ngakhale chimodzi, ndipo tikatero munthu weniweniyo amatisowa n'kutsala chithunzi chapakhoma. Chitalu wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, wokhazikika mtima ndi wolemekezedwa ndi anyamata a mu timu yake, amamveka bwino kwa amene akudziwa kumene anachokera.

Mu timu ya dziko lake, owerengera zamasewero amamupatsa zigoli 79 m'masewero 111, ndipo zaka zonsezi akatswiri a mu Africa muno otchuka kuposa iye, monga Didier Drogba ndi Samuel Eto'o, anapuma mpira asanamwetsere mayiko awo zigoli zochuluka chomwecho. Anali m'gulu limene linafika m'ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Egypt mu 1974, pamene Zambia inalepherana 2-2 ndi Zaire n'kugonja 2-0 pa masewero obwereza. Mu 1980 anamwetsa chigoli timu ya Soviet Union pakwawo, pa masewero a Olimpiki, ngakhale kuti Zambia inagonja 3-1. Ku Ulaya sanakasewereko ligi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dzina lake mukulimvera kwa agogo okha.

Kodi "Ucar" ndi dzina lachibemba? Limatanthauza chiyani?
*Mayi wa ku Mchinji*

Ayi mayi, si lachibemba ndipo si lachinyanja. Ucar anali mabatire opangidwa ndi kampani ya Union Carbide, amene anthu ankaika mu wailesi ndi mu tochi, ndipo ankadziwika kuti amachedwa kutha. Chitalu anapatsidwa dzinali chifukwa ankathamanga mphindi 90 zonse pamene anzake atafooka kale. Dzinali linamuyenera pawiri, pakuti anthu ambiri amene ankamukonda sanamuonepo n'kamodzi komwe, koma ankamumvera pa wailesi yoyendera mabatire omwewo. Mawu amene ankawabweretsera mpirawo m'nyumba zawo anali a Dennis Liwewe, woulutsa mpira wotchuka wa ku Zambia, amene anabadwira kuno ku Malawi mu 1936 ndipo anamwalira mu Epulo 2014. Kwanu ku Mchinji kuno, komwe wailesi ya ku Zambia imamveka ngati ili kuseri kwa nyumba, akuluakulu angakuuzeni mmene Liwewe ankakuwira chigoli chikalowa.

Kuno ku Joni ndimagwira ntchito ndi anyamata a ku Zambia, ndipo Messi akangotchulidwa iwo amalumpha n'kunena kuti rekodi yomwetsa zigoli zambiri pa chaka chimodzi ndi ya Chitalu, zigoli 107, koma azungu anaikana chifukwa anali munthu wakuda. Ine ndimawauza kuti zimenezo ndi nthano za pamowa. Tiweruzeni.
*Wowerenga wa ku Johannesburg*

Achimwene, pa mlandu uwu mbali zonse ziwiri zilipa nkhuku.

Ndiyambe ndi inu. Nambala imeneyo si nthano ya pamowa, ndipo sinapekedwe pofuna kulimbana ndi Messi. M'chaka cha 1972 Kabwe Warriors inasesa zikho zonse za m'dziko la Zambia: ligi, Castle Cup, Challenge Cup, Chibuku Cup ndi Charity Shield. Chaka cha mpira chitatha, Chitalu anapatsidwa mpira wolembedwa dzina lake, chakacho ndi nambala 107, ndipo chithunzi chake atavala suti, mpirawo uli m'manja, chilipo mpaka lero. Zimenezi zinachitika Messi asanabadwe. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho cha 1972, Gerd Müller anamwetsa zigoli 85 posewera mu Bayern Munich ndi mu timu ya West Germany, ndipo dziko lonse linatenga nambala ya Müller ngati rekodi kwa zaka 40. Pa 9 Disembala 2012 Lionel Messi anaipitirira pa masewero a Barcelona ndi Real Betis, n'kumaliza chakacho ndi zigoli 91. Apa m'pamene bungwe loyendetsa mpira ku Zambia, la FAZ, linadzuka n'kunena kuti munthu wawo anapitirira kalekale pamenepo.

Wofufuza wina wa ku Zambia analowa m'nyumba zosungira nyuzipepala zakale n'kutsata chakacho masewero ndi masewero, ndipo anapeza kuti ngakhale 107 yomweyo inali yoperewera. Kumayambiriro kwa 1972, ligi ya ku Zambia isanatsegulidwe, Warriors inakumana ndi Majantja ya ku Lesotho mu mpikisano wa akatswiri a ligi mu Africa. Chitalu anamwetsa ziwiri ku Lesotho pamene matimuwo analepherana 2-2, kenako zisanu ndi ziwiri ku Ndola pamene Warriors inapambana 9-0. Zigoli 9 zimenezi sanaziwerengere popereka mpira uja chifukwa zinalowa chaka cha mpira chisanayambe. Tikawerenga kuyambira Januwale mpaka Disembala, monga anachitira ndi Messi, nambala imakwera kufika 116.

Tsopano kwa anzanuwo. Bungwe la FIFA silinanene kuti Chitalu kapena a Zambia ananama. Linanena kuti ilo limasunga ziwerengero za mipikisano yake yokha, osati za maligi a m'mayiko, choncho silingavomereze rekodi ya Chitalu monganso silinavomereze ya Messi kapena ya Müller. Pa masiku omwewo kalabu ya Flamengo ya ku Brazil inadandaulanso m'malo mwa katswiri wake wakale Zico, ponena za zigoli zake za mu 1979, ndipo nayo sinapite patali. Rekodi ya Messi ikuimira pa umboni umene aliyense angauone: chigoli chilichonse mwa 91 zija chili pa kanema, mphindi yake ndi yolembedwa, lipoti la woyimbira lilipo. Za Müller zili m'mabuku a ligi ya ku Germany. Za Chitalu zinali m'mitolo ya nyuzipepala zofiirira ndi m'mitu ya nkhalamba, ndipo kanema womuonetsa akusewera ndi wochepa kwambiri. Palinso mfundo ina imene anzanuwo sangaikonde: mwa zigoli zakezo muli zina za masewero apaubale ndi achifundo, pamene pa Messi masewero apaubale a kalabu sanawawerengere. Ngakhale mutazichotsa zimenezo, zotsalazo n'zochititsa mantha, koma wofuna kuyerekeza ayenera kuyeza ndi mbale imodzi.

Ena amati ligi ya ku Zambia inali yofewa. Umenewo ndi mlandu wina, ndipo sindikuukana wonse, koma m'ligi yomweyo munali omwetsa zigoli oopsa monga Bernard Chanda, amene anamwetsa zitatu m'ndime yachibwereza ya chikho cha Africa mu 1974, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anafika pafupi ndi nambala ya Chitalu. Otchinga kumbuyo anali omwewo kwa onse, mabwalo afumbi omwewo, mpira wolemera womwewo.

Maganizo anga ndi awa. Tsankho mu mpira lilipo, ndipo chigoli cha ku Kabwe sichinayambe chalemerapo mofanana ndi cha ku Munich pamaso pa olemba nkhani a ku Ulaya. Koma pa nkhani ya Chitalu mdani woyamba anali chiswe ndi fumbi la m'maofesi athu. Panafunika mnyamata wa ku Argentina kuti a Zambia akumbukire kufukula mapepala a munthu wawo, patatha zaka 40 chimwetsereni zigolizo ndi zaka 19 mwini wake ali m'manda. Bwalo la ku Kabwe, limene kale linkatchedwa Railway, tsopano lili ndi dzina lake pamodzi ndi nambala 107. N'chinthu chabwino, koma iye sanachione.

Ine ndine nkhalamba ya zaka zopitirira 70. Mu 1978 ndinali m'bwalo ku Lilongwe pamene Zambia inaswa Kenya 9-0, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuopera anyamata athu. Funso langa ndi limene takhala tikukangana pa bawo zaka zonsezi: pakati pa Chitalu ndi Kinnah Phiri, wamkulu ndani?
*Bambo wa ku Kawale, Lilongwe*

Bambo, mwandiika pa moto, ndipo mukudziwa. Mpikisano umene mukunenawo ndi wa mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, umene lero timautchula kuti CECAFA, ndipo unachitikira kuno mu Novembala 1978. Mantha anu anali ndi maziko, pakuti Chitalu, ali ndi zaka 31, anamaliza mpikisanowo ndi zigoli 11, kuposa wina aliyense. Koma m'ndime yomaliza Malawi, pansi pa mphunzitsi wa ku England Ted Powell, inagonjetsa Zambia 3-2 n'kutenga chikhocho koyamba, ndipo inachitenganso chaka chotsatira itagonjetsa Kenya.

Tikayang'ana ziwerengero zokha, Chitalu ali patsogolo pang'ono: zigoli 79 m'masewero 111, pamene Kinnah ali ndi 71 m'masewero 117. Tikayang'ana zikho za timu ya dziko, Kinnah ananyamula chimene Chitalu sanachinyamulepo, chifukwa Zambia inatenga chikho cha CECAFA koyamba mu 1984, Chitalu atasiya kale kusewera, ndipo cha Africa inadikira mpaka 2012. Ngati mukundikakamiza kusankha, ndinganene kuti Chitalu anali woopsa kuposa pakhomo pa golo ndipo anakhalitsa pamwamba, koma tsiku limene awiriwa anakumana pa chikho, amene anagona akuseka ndi Kinnah.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthu awiri amene ali pamwamba penipeni pa mndandanda wa omwetsera mayiko awo zigoli mu Africa anachokera m'mayiko oyandikana, anasewera zaka zofanana, ndipo m'bwalo limodzi kuno kwathu anthu ngati inu anawaona onse awiri. Mwa anyamata a 1978 aja ena anatisiya kale, monga Jack Chamangwana, amene anamwalira mu Meyi 2018. Inu amene munalipo, bambo, itanani mdzukulu wodziwa kulemba mumuuze zonse zimene mukukumbukira za masewero amenewo: munalowera chipata chiti, ndani anamwetsa choyamba, anthu ankayimba chiyani. Mukatumiza kuno ndidzazisindikiza.

Mwana wanga wa sitandade 7 wandifunsa kuti ndege ija inagwa bwanji. Ine ndinali kamtsikana, ndimangokumbukira amayi akulira pafupi ndi wailesi. Ena amati zinachitika pa 27, ena pa 28 Epulo, ndipo ena amati ndegeyo inachita kuomberedwa. Ndimuuze chiyani?
*Mayi wa ku Chipata, Zambia*

Mayi, muuzeni zoona, ndipo zoonazo n'zolemera kale popanda kuwonjezerapo mphekesera.

Chitalu atasiya kusewera anakhala mphunzitsi wa Kabwe Warriors, ndipo timu ya dziko anaipatsidwa miyezi yochepa chabe ngoziyo isanachitike, Zambia itagonja ku Madagascar kumapeto kwa 1992. Womuthandiza anali Alex Chola, nayenso katswiri wa m'badwo wake. Timu imene analandira inali yolimba, ina mwa iyo ili yomweyo imene inadabwitsa dziko pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988 pogonjetsa Italy 4-0. Pa 25 Epulo 1993 anapambana 3-0 ku Mauritius, zigoli zonse zitatu atamwetsa Kelvin Mutale, ndipo atabwerera ku Lusaka ananyamukanso kupita ku Dakar kukakumana ndi Senegal pa masewero odzigulira malo ku chikho cha dziko lonse cha 1994.

Anakwera ndege ya asilikali a m'mlengalenga a Zambia, ya mtundu wa Buffalo, chifukwa ndalama zolipirira ndege ya anthu wamba zinkavuta. Ndege yotereyi siuluka mtunda wautali osamwa mafuta, choncho inayenera kutera ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan. Ku Brazzaville kunaoneka kale kuti injini ina ili ndi vuto, koma ulendo unapitirira. Itangonyamuka ku Libreville, likulu la dziko la Gabon, usiku wa pa 27 Epulo, inagwera m'nyanja ya Atlantic pa mtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchoka kugombe. Anthu onse 30 anamwalira: osewera 18, aphunzitsi, dokotala, akuluakulu a mpira, mtolankhani ndi asilikali asanu oyendetsa ndegeyo. Chitalu anali ndi zaka 45. Kusiyana kwa masiku kumene mwakutchulako kumabwera chifukwa ngoziyo inachitika usiku kwambiri, ndipo ku Zambia uthenga unafika kutacha pa 28, tsiku limene ambiri amachitira mwambo wokumbukira. Masiku onse awiriwo ndi oona, lina ndi la imfa ndipo lina ndi la maliro.

Za kuomberedwa, mphekeserayo inafala kwambiri m'masiku amenewo ndipo inasokoneza ubale wa Zambia ndi Gabon, koma lipoti la boma la Gabon, limene linatuluka mu 2003, linanena zina. Linati injini ya kumanzere inagwira moto, woyendetsa ndege anazimitsa ya kumanja imene inali bwinobwino, ndipo ndegeyo inatsala yopanda mphamvu. Linatchulanso chipangizo chochenjeza chimene sichinkagwira bwino ntchito, komanso kutopa kwa woyendetsayo, amene anali atangoulutsa timu yomweyo kuchokera ku Mauritius. Timati chakudza sichiyimba ng'oma, koma pano ng'oma inalira ku Brazzaville. Mphekesera zinakula chifukwa amene anayenera kulankhula anakhala chete zaka khumi, ndipo mabanja a malemuwo anachita kupita kukhoti kuti alandire chipukuta misozi.

Mwanayo mumuphunzitsenso mayina, asangodziwa nambala 30. Efford Chabala, goloboyi. Wisdom Chansa, Derby Makinka, Eston Mulenga, Timothy Mwitwa, Moses Chikwalakwala, Kelvin Mutale, Patrick Banda ndi anzawo. Onse anaikidwa pamodzi pa Heroes' Acre, kunja kwa bwalo la Independence ku Lusaka, ndipo mukadzapita naye mumzindamo malowo si obisika. Kalusha Bwalya, amene ankasewera ku PSV ku Netherlands, anapulumuka chifukwa anakonza zokakumana ndi anzake ku Dakar komweko. Koma pa Chitalu ndikupempheni chinthu chimodzi: musayambe ndi ndege. Yambani ndi Luanshya, Kitwe, Kabwe ndi chaka cha 1972. Ana ambiri masiku ano amamudziwa ngati mphunzitsi amene anafera ku Gabon, ngati kuti zaka 45 za moyo wake zinali kudikira usiku umodzi umenewo.

Pamene Zambia inatenga chikho cha Africa ku Gabon komweko mu 2012, ine ndinati mizimu ya Chitalu ndi anzake ndiyo inasewera. Mkulu wa mpingo wathu anandidzudzula kuti ndikulankhula zachikunja. Inu mukuti bwanji?
*Wowerenga wa ku Ntcheu*

Za mizimu ndizisiya pakati pa inu ndi mkulu wa mpingoyo, chifukwa tsamba lino si guwa. Koma ndikumvetsa chimene chinakulankhulitsani chomwecho. Mpikisano wa 2012 unachitikira m'mayiko awiri, Equatorial Guinea ndi Gabon, ndipo masewero onse a Zambia, kufikira pamene inagonjetsa Ghana 1-0 m'ndime yachibwereza, anali ku Equatorial Guinea. Njira yokhayo yopondera bwalo la ku Libreville inali kufika m'ndime yomaliza. Atafika, osewera anapita kugombe, pafupi ndi pamene ndege inagwera, n'kukaika maluwa, atatsogozedwa ndi Kalusha Bwalya, amene pa nthawiyo anali pulezidenti wa FAZ. Pa 12 Febuluwale anakumana ndi Côte d'Ivoire, timu imene sinamwetsedwe chigoli ngakhale chimodzi mpikisano wonsewo. Drogba anaphonya penate mpira uli mkati, masewero anatha 0-0, ndipo pa mapenate Zambia inapambana 8-7, Stoppila Sunzu atamwetsa yomaliza.

Komabe tisawalande amoyo thukuta lawo. Kennedy Mweene anachita kuuluka yekha kuti agwire penate ya Kolo Touré, Christopher Katongo anatsogolera anzake ndi miyendo yake, ndipo mphunzitsi Hervé Renard anakonza timu yodziwa chochita. Mukumbukirenso kuti mu 1994, chisoni chili chachiwisi, timu yomangidwa mwachangu inafika m'ndime yomaliza ku Tunisia n'kugonja 2-1 kwa Nigeria, ndipo miyezi ingapo m'mbuyomo inalephera kupita ku chikho cha dziko lonse itagonja 1-0 ku Morocco. Akufawo sanawakonde pang'ono anyamata a 1994 kusiyana ndi a 2012. Chimene ndingavomereze n'chakuti munthu amene wangochoka kuika maluwa pamene anafera akuluakulu ake satopa msanga.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Chaka chatha tinataya mnyamata amene kwa zaka zambiri ankamwetsera timu ya m'dera lathu zigoli, ndipo anasiya mkazi ndi ana awiri. Anzake akufuna kukonza bonanza yomukumbukira. Sanali Chitalu, koma kwa ife anali wamkulu. Tichite bwanji kuti zikhale zaulemu?
*Mphunzitsi wa ku Dedza*

Aphunzitsi, pepani ndi malirowo. Musanakambe za mphoto ndi zokuzira mawu, pitani kaye kwa mwini mbumba ndi kwa mkazi wa malemuyo mukapemphe chilolezo, chifukwa dzinalo ndi lawo lisanakhale la timu. Afunseni tsiku limene iwo akuliona kuti n'loyenera, ndipo ngati chiliza sichinamangidwe, mwina angakonde kuti mpirawo utsatane ndi mwambo umenewo. Mugwirizane poyera, anthu akumva, gawo la ndalama za pachipata limene lipite kwa anawo, ndipo lisakhale zotsala pambuyo pogula zakumwa za komiti. Mabanja a anthu 30 a ku Gabon aja anamangiridwa chipilala, anaimbiridwa nyimbo, koma chipukuta misozi anachidikira zaka. Ngati wandale wina akufuna kuthandiza, alandireni, koma dzina la pachikho likhale la malemuyo, ndipo nsalu za chipani zitsale kunyumba.

Chachiwiri n'chimene inu monga mphunzitsi mungachite bwino kuposa wina aliyense. Gulani kope lachikuto cholimba. Masamba oyamba mulembemo za mnyamatayo: dzina lake lonse ndi la m'bwalo, mudzi ndi mfumu yake, chaka chimene anabadwa ndi chimene anayamba kusewera, nambala imene ankavala, matimu amene anawamwetsa ndi zikho zimene anathandiza kutenga. Funsani anzake mmodzimmodzi, osati pagulu, chifukwa pagulu zigoli ziwiri zimasanduka zisanu. Pamene akusiyana, lembani zonse ziwiri ndi dzina la wonena. Lembaninso zoseketsa ndi zolakwa zake, monga tsiku limene anakangana ndi woyimbira kapena kuphonya penate, pakuti ana ake akadzakula adzafuna kudziwa bambo wawo weniweni. Zithunzi zimene zili m'mafoni a anzake muzitsukitse n'kuzimata m'kopemo, chifukwa foni imagwera m'chitsime.

Masamba otsalawo akhale a bonanzayo chaka ndi chaka: tsiku, bwalo, matimu, mayina a osewera onse, omwetsa zigoli ndi mphindi zake, ndalama zimene zalowa ndi zimene zaperekedwa kubanja, kenako woyimbira ndi makaputeni awiri asaine pansi pake mpira ukangotha, anthu asanabalalike. Kope limodzi likhale mu ofesi ya sukulu yanu, m'bokosi lachitsulo loti chiswe chisalowe, ndipo lina lokopera likhale kwa mayi wa anawo.